Mwana wapepuka

Mwana wa mlongo wanga anamwalira asanamere dzino, pachipatala china chachikulu mumzinda muno. Anali wachiwiri kupita motero: kutentha thupi, kubanika, basi.

Madokotala ofufuza matenda a ana anapempha makolowo kuti atengeko tizidutswa ta chiwindi, mapapo ndi ubongo, pogwiritsa ntchito singano yokha, osang'amba thupi, kuti aone chimene chikupha makanda. Ananenetsa kuti kukana n'kololedwa. Alamu anga, owotcherera zitsulo ku Ginnery Corner, anayang'ana pansi. Mlongo wanga anavomera dokotala asanatsirize kufotokoza.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Mwana woyamba atamwalira, apongozi ake anabwera kuchokera ku Nsanje kudzakhuza maliro ndipo anaiwala kubwerera. Anakhazikika m'nyumba ya ku Nancholi ndi chigamulo chawo: ana akufa ndi tsempho, ndiye kuti mayi wawo ali ndi mwamuna wamseri. Ankanena izi potsuka mbale, mokweza pang'ono kuti a nyumba yoyandikana asavutike kutchera khutu. Alamu anga sankatsutsa, sankavomereza. Mlongo wanga ankafuna umboni, poti banja lake linali litatsala pang'ono kutha.

Tinafika ndi thupi ku Nancholi masana, pagalimoto ya ofufuzawo. Nkhani inali itatsogola kale, itanenepa panjira: ziwalo za mwana zagulitsidwa kwa azungu, galimotoyo ndi malipiro ake. Ntchito yanga inali ya utolankhani, koma sindinaonepo nyuzipepala yofika msanga chotero.

Amayi osambitsa maliro anasecha kamwanako ngati apolisi apamsewu. Anapeza timabala tating'ono tomatidwa ndi pulasitala. Azakhali awo a alamu anga, ogulitsa kaunjika ku Limbe, anatuluka nalo thupilo pakhonde akulikwezakweza m'manja ngati akugula nkhuku.

"Wapepuka uyu. Mkatimu mulibe kanthu."

Azakhaliwo anali asanamunyamulepo mwanayo ali moyo. Ndinawafunsa kuti kulemera kwake kwakale anakuyeza liti.

"Inu amalume ake, khalani pansi," anatero. "Ife tinalowola, mwanayu ndi wathu."

Ndinakhala pansi. Popita kumanda, azibambo amene anatemberera galimoto ija analimbirana mpando wakutsogolo.

Patapita miyezi ingapo, achipatala anaitana makolowo kuti zotsatira zatuluka. Mlongo wanga anakakamira kuti apongozi akadzimvere okha, ine n'kukhala mboni. Apongoziwo anavala yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi akutchalitchi. Namwino anafotokoza modekha kuti mwana anafa ndi chibayo, kuti kachilombo kanalowa m'mapapo n'kufika m'magazi, ndipo kuti kamagwira makanda ambiri. Mlongo wanga anafunsa mosapita m'mbali ngati khalidwe la mayi lingayambitse matendawo. Namwino anati ayi, ndipo anabwereza kachiwiri akuyang'ana yunifolomu ija. Apongozi anagwedeza mutu mwaulemu, n'kuthokoza kwambiri.

Anadikira mpaka titakwera minibasi mumsewu wa Masauko Chipembere, mmene munali anthu okwanira kumva.

"Ndamva ndithu. Kachilombo," anatero. "Koma Nancholi yonse ija, nyumba zothithikana zija, kachilomboko kanadziwa bwanji khomo lathu? Kawiri konse? Alipo anakatsegulira."

Mayi wina wonyamula tomato anavomereza kuti funso limenelo ndi lanzeru. Mlongo wanga sanalire. Anatembenukira kwa mwamuna wake, amene anapanikizika pakati pa kondakitala ndi thumba la makala.

"Bambo a mwana, mwamva. Chiwindi cha mwana wanga ndapereka, mapapo ndapereka. Ndipereke chiyaninso kuti amayi akhute?"

Tinatsika minibasi ija. Ndinaganiza kuti alamu anga ayang'ananso pansi monga mwa chizolowezi. Koma titaima m'mbali mwa msewu anati, "Amayi, mawa m'mawa ndikakukwezani basi ya ku Nsanje."

"Iwe anakudyetsa mankhwala mkazi ameneyu."

"Mwina. Mukafufuzire kumudzi komweko."

Apongoziwo anapitadi m'mawa mwake. Potsanzikana ndi oyandikana nawo anati akukaona dimba lawo, lomwe mbuzi za anthu zinkaononga. Mlongo wanga anasesa chipinda chimene ankagonamo, ndipo alamu anga anasungamo zitsulo.