Nkhuku imene ndinkaimvera chisoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphetsa nkhuku yosalakwa chifukwa cha chisoni changa chopusa. Tinkakhala kumalayini a esiteti, ndipo amayi ankathyola tiyi. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, tinali ndi nkhuku zinayi.

Yaikulu pa zonse inali yofiira, tinkaitcha Kapitawo. Madeya inkayamba kudya ndi iyo, ikajompha inzake kamodzi nkhani yatha. Yotsiriza inali kankhuku kotuwa, kothothoka nthenga m'khosi, kamene ndinakapatsa dzina loti Wamasiye. Aliyense ankakajompha. Kankaima patali m'chiperoni, kataunjikana, kakudikira zotsala. Ine mtima unkandipweteka zedi. Ndinkaba mphale m'lichero n'kukakapatsa kuseri kwa bafa, uku ndikukauza kuti tsiku lina zidzatha.

Tsiku lija linafika pamene azakhali anabwera kuchokera ku Goliati. Amayi anandituma kuti ndigwire nkhuku ya alendo. Ndinathamangira Kapitawo.

"Bwanji imeneyo?" anafunsa amayi.

"Ndi yankhanza, amayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Wakhala woweruza milandu tsopano? Chabwino, bwera nayo."

Ndinadya ntchafu yake mokondwa, ndikudziona ngati mpulumutsi.

Pobwerera, azakhali anandisiyira msoti wakuda wa mtundu wa Mikolongwe, nthenga zake zonyezimira. "Uwu ndi wako, mwanawe. Ukaswa, udzagule nsapato." Chibadwire ndinali ndisanakhalepo ndi kanthu kangakanga. Monga timachitira ndi nkhuku yachilendo, ndinaumanga mwendo ndi kansanza ka chitenje pamtengo wa mapeyala kuti uzolowere pakhomo. Ndinakoka mfundo kawiri, kuopa kuti ungathawe. M'mawa ndinausiyira madzi m'chigoba, n'kupita kusukulu.

Pobwera masana ndinamva kulira kwa nkhuku ndili pamsewu. Ndinapeza msoti wanga uli chigonere, kansanza katakungika, dothi litakumbika mozungulira mmene unkayesera kuthawa. Diso limodzi linali litachoka, mutu uli magazi okhaokha. Nkhuku ziwiri zija zinali uko, zikupalasa zawo. Amene anaima pamsana pa msoti wanga, akujompha pabala pomwepo mosapuma, anali Wamasiye. Wamasiye yemweyo, ndi khosi lake lonyansalo, mimba itakhuta mphale yanga!

Ndinakagenda ndi peyala laliwisi. Kanathawa pang'ono, kenaka kanaunjikana monga kale, kakundiyang'ana ndi maso omvetsa chisoni aja. Ha, ndinanyansidwa. Msoti unafera m'manja mwanga dzuwa lisanalowe.

Amayi atafika ndi dengu kumsana, sanandikalipire. Anamasula kansanza kumwendo wa msoti, nati: "Kapitawo ankajompha kuti adye. Aka kakujompha kuti kabweze. Ukuwadziwa abambo ake a Esinati? Chaka chatha tinkalira nawo limodzi pasikelo yoyezera tiyi, akutukwana akapitawo. Lero awapatsa ukapitawo, ndi amene akutitayira masamba pansi kuti ndi okhwima."

Ndinapempha kuti Wamasiye tikaphe. Amayi anakana, poti kanali katayamba kuikira. Kanakhala zaka zina ziwiri kakulamulira pakhomo, nthenga zitamera, kakuyenda monyada ngati mkazi wa manijala. Mazira ake sindinadyepo ngakhale limodzi.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo a Wamasiye ndakumana nawo ambiri: kuntchito, kutchalitchi, ngakhale pachibale. Akakhala pansi amalira mokweza kuposa onse, koma chimene chimawapweteka si nkhanza ayi, ndi chakuti wochita nkhanzayo si iwo. Anthu otere ndilibe nawo ulemu ngakhale pang'ono. Munthu akamandidandaulira za omuzunza ndimamumvetsera ndithu, koma ndimadikira kuona chimene adzachite tsiku limene adzapeze mnzake atamangidwa mwendo. Ndipo sindiiwala kuti mfundo ija ndinamanga ndine, kawiri.