Mkono Umene Unadya Mbalame

A Wiebe Roorda anagawa makalata pa chilumba cha Terschelling kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo iwo eni amavomera kuti makalatawo ankafika mochedwa chifukwa wowanyamula ankayenda nkhope ili kumwamba. Mbalame ikadutsa, njinga inkaima yokha. Atapuma ntchito, khalidwe lomwe ankakalipiridwa nalolo ndi limene linawapezera malo pa sitima ya kafukufuku. Chaka chilichonse mu Ogasiti ankakwera ku doko la Den Helder n'kukakhala milungu itatu m'kabokosi ka matabwa pamwamba pa sitimayo, kuwerenga mbalame za m'nyanja.

"Ine ndinabadwa ndi luso limodzi lokha," ankatero, "loyang'anitsitsa zinthu zosandikhudza."

Chida chawo chinali kathabwa ka timizere tinayi. Munthu amatambasula mkono mpaka kumapeto, n'kulinganiza nsonga ya kathabwako ndi pomwe nyanja yakumana ndi thambo. Akatero, kamzere ka pamwamba kamagwera pa madzi amene ali mamita 300 kuchokera pa sitima. Mbalame ya mkati mwa mzerewo imawerengedwa. Ya kunja, ngakhale ikongole chotani, ndi ya Mulungu. Timizereto amatijambula potengera kutalika kwa mkono wa mwini wake, n'chifukwa chake kathabwa sabwerekana. Mkono wa a Wiebe unali masentimita 71, ndipo ankaunyadira ngati anaupanga okha.

Chaka chimenecho, mu Epulo, anagwera m'ngalande ndi njinga akuyang'ana mbalame yoyera yachilendo, imene pambuyo pake inapezeka kuti inali jumbo yokodwa pa waya. Phewa lamanja linauma. Akazi awo, a Aukje, anawauza kuti alembe zimenezi pa pepala la zaumoyo lomwe a kafukufuku amatumiza. Sanalembe. Ankadziwa kuti munthu wa phewa lovuta samulola kukwera makwerero a kabokosi, ndipo kumtunda kunali achinyamata ambiri a mapepala a ku yunivesite odikira malo a nkhalamba yopanda pepala ndi limodzi lomwe. Makwererowo anawakwera ataluma mano. Zoti mkono sukutambasukanso mpaka kumapeto sanazione n'komwe. Unkaima pomwe ululu wayambira, iwo n'kumati wafika.

Mtsogoleri wa gulu anali Renske, mayi wamsinkhu wa mwana wawo woyamba, wosaseka wamba. Pa tsiku lakhumi, anthu akumwa supu wa nsawawa masana, iye anakankhira mbale yake pambali.

"Ma zeekoet achepa," anatero. Izi ndi mbalame zakuda kumsana, zoyera kumimba, zomwe nyengo imeneyi zimayandama ndi anapiye awo. "Pa khumi zilizonse za chaka chatha, zitatu kulibe. Lachisanu nditumiza uthenga kumtunda."

A Wiebe anapukusa mutu mwachisoni. Anatchula madzi omwe akutentha, anatchula asodzi, anatchulanso anthu a masiku ano osasamala ntchito yawo. Analankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, mpaka wophika anaima pakhomo kumvetsera.

M'mawa mwake anali m'kabokosi ndi Jelle, mnzawo wakalekale, yemwe kale anali msodzi koma tsopano ankawerenga anamgumi ndi madolofini. Jelle anali ndi magalasi oonera patali amene amauzanso mtunda. Sitima inkadutsa pafupi ndi boya wachikasu, chitsulo choyandama chosonyeza njira.

"Tayesa kathabwa ka makolo akoko," anatero Jelle. "Boya uyo ali pati?"

A Wiebe anakweza mkono, natsinzina diso limodzi. "Mazana atatu ndendende. Ukhoza kubetcha nyumba."

"Betcha yako, yanga ayi. Mazana awiri ndi makumi asanu."

"Magalasi akowo unagula pamsika wa kaunjika."

Jelle anatsitsa magalasi, nawayang'ana kuyambira kuphewa mpaka kuzala. "Iwe mdala, mkonowo ukuugwira ngati ukulandira tiyi kwa apongozi. Tatambasula."

"Ndatambasula."

"Tambasula, ndati!"

Anayesa. Ululu unathamanga kuchokera m'phewa mpaka m'khutu, maso n'kudzaza misozi. Koma pa kamphindi kamene mkono unawongokako, anaona kamzere kaja kakusuntha kupita kutali, kusiya boya mkati. Basi, zonse zinamveka. Mkono ukapindika, mzere umagwera pafupi, ndipo mbalame zonse za m'mphepete mwa malire zimasanduka za kunja. Masiku khumi ndi limodzi akhala akuthamangitsa ma zeekoet ndi chigongono. Tsoka limene analilira dzulo lija, pamaso pa wophika, linali m'kati mwa malaya awo omwe.

"Ine sindinena," anatero Jelle, akubwezera magalasi m'maso. "Si mkono wanga. Koma Lachisanu ndi mkuja."

Nthawi yawo yopuma itakwana, a Wiebe anatsikira ku chipinda cha zida, natenga kathabwa kena ndi pensulo. Nzeru inalipo: kujambula timizere tatsopano mwakachetechete, mawa mbalame n'kubwerera, Renske n'kusangalala, iwo n'kudzakweranso chaka chamawa. Anajambula kamzere kamodzi. Kenako anakumbukira kuti masiku khumi ndi limodzi aja ali kale m'kompyuta, ndipo anthu ophunzira akakhala pansi kumtunda kufufuza chimene chinapha mbalame kumpoto, komwe sitima yadutsa kale, n'kuzisiya zamoyo kummwera, komwe ikupita. Akayeza madzi, akayeza nsomba, akayeza mphepo. Phewa la munthu wogawa makalata palibe akaliganizire.

A Wiebe anam'peza Renske pa kompyuta yake. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Mayi, chimene chikudya mbalame zanu ndachipeza."

"N'chiyani?"

Anakweza mkono mpaka pomwe unkalekezera. "Ichi."

Renske anatsegula kabati, natulutsa tepi yoyezera, nawaimika chotsamira khoma. Anayeza kuchokera padiso mpaka pachala.

"Masentimita 60. Bambo Wiebe, ena khumi ndi limodzi munawasiya kuti?"

"M'ngalande, mayi. Mu Epulo."

"Pa pepala la zaumoyo munalemba kuti muli bwinobwino."

"Ndinalemba ndi dzanja lamanzere. Lamanzerelo lili bwinobwino."

Renske sanaseke. Anakhala pansi n'kuyamba kukonza manambala, a Wiebe ali chiimire pakhoma ngati mwana wogwidwa akubera mayeso. Chodabwitsa, m'mtima mwawo munayamba kupepuka. Malo apita, inde, a Aukje akanena kuti "ndinakuuzani" mpaka Khirisimasi. Koma mbalame zilipo. Zikuyandama kunjaku zonse khumi, ndi anapiye awo, zikungodabwa nkhalamba yosaziwerenga.

Renske anatembenuka. "Za pepala lija ndikanena kumtunda. Chaka chamawa wogamula si ine, ndipo musayembekezere zambiri. Koma mpaka tifike ku Den Helder muwerengabe. Mupange kathabwa katsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndizikuyezani musanakwere."

"Zikomo, mayi. Ndiye uthenga wa Lachisanu uja mwaufufuta?"

"Upita. Mkono wanu wadya theka lokha la mbalame zosowazo. Theka linalo kulibedi."

A Wiebe anayang'ana manambala pa kompyuta, ngakhale sankawamva. Anali atalowa m'chipindamo okonzeka kusenza mlandu wonse, tsopano akuwauza kuti ngakhale pa kulakwa pomwe anangokwanitsa theka.

"Tayezaninso," anatero, akutsamiranso khoma. "Poyamba paja ndinalimbikira chifukwa cha manyazi. M'kabokosi muja mumazizira, mkono umafupika kwambiri. Mwina ndi 50."

Renske anaimirira ndi tepi yake, nayeza, kenako anagwira chigongono chija ndi zala ziwiri n'kuchikankha pang'onopang'ono mpaka pomwe chinali poyamba.

"Musapinde dala, bambo Wiebe," anatero motsitsa mawu. "Mbalamezo sizibwerera."