Dzanja Lamanja la Amayi Maria

Chifaniziro cha m'tchalitchi mwathu chija chinali chachitali ngati mwana wa zaka zisanu. Chinali cha mtengo wopaka utoto: Amayi Maria atavala mkanjo wamtundu wa mtambo, utoto utathetheka m'mapindo, thupi lonse lili timabowo ta tizilombo. Ukayandikira chinkanunkha fumbi ndi sera yakale. Dzanja lamanja panalibe. Mkono unangothera pamene pamakhala chibangiri.

Wansembe wathu, amene anthu a ku Kafue ankangoti ba Fada, anabwera nacho pa sitima kuchokera kwawo ku Ulaya, m'bokosi lodzaza udzu. Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi zaka khumi. Tinali a ku Nyasalande, ndipo tinkakhala m'komboni ya njanji: amayi, ine, mng'ono wanga, ndi amalume, kalipentala wa panjanji. Bambo anali ku migodi.

Ba Fada anaitana amalume kuti aseme dzanja latsopano, ine ndinawatsatira. Anatembenuza chifanizirocho kutisonyeza msana wake wogoba ngati bwato. Anati chinasemedwa zaka mazana asanu zapitazo, ndipo dzina la mmisiri palibe akulidziwa. Akatswiri akwawo ankangotsutsana: ena ankati anasema ndi mmisiri wamkulu mwiniwake, ena ankati ndi ophunzira ake. Amalume anayendetsa chala pa tsaya, m'mapindo a mkanjo, mpaka kumapazi.

“Nkhopeyi ndi ya mkulu,” anatero. “Koma mapaziwa anasema mwana wothamangira kukadya.”

Ba Fada anaseka mpaka kuvula magalasi. Ndinanyada tsiku limenelo ngati ndayankhula ndine.

Kunyadako sikunathe mlungu. Amalume anati sangaseme dzanja la m'mutu, akufuna lamoyo loti aziyang'anapo. Tinatambasula manja tonse awiri, ine ndi mng'ono wanga. Anga sanachedwe nawo: “Awa ndi a ntchito, ali ngati anga.” Anasankha la mng'ono wanga. Lero ndikudziwa kuti munthu wosema sangakuuze mawu aulemu oposa amenewo. Nthawi imeneyo ndinamva kuti manja anga ndi oipa, basi.

Mwezi wonse wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mng'ono wanga ankakhala pansi pa mango masana alionse, dzanja ataliika pa thabwa, zala zitapindika pang'ono. Amalume ankasema mukwa ndi kasemasema, kenako ndi kampeni, tizipalapala tofiira tikugwera m'miyendo mwake. Akatopa ankamuyamwitsa nzimbe ya ku Shimabala kuti asagwedezeke. Amayi anamuletsa kutsuka mapoto. Mapotowo anagwera ine. Azimayi a m'komboni podutsa ankamukuwira moni wa kumeneko kuti, “Shani, ba Maria!” iye n'kumangomwetulira. Ine ndinkapita kumtsinje kukapala manja anga ndi mwala mpaka kutuluka magazi, n'kuba mafuta ophikira kudzola. Palibe anaona.

Loweruka lina aphunzitsi a katekisimu ankatiphunzitsa za lamulo loyamba, za anthu osema mafano. Anali munthu wouma, wa kolala yolimba ngakhale kutenthe bwanji. Ndinakweza dzanja. Ndinati amalume anga ali kumudzi ankasema nkhope za nyau, ndipo kasemasema wake ndi yemweyo. Ndinali nditamva amayi akunong'oneza mnzawo pochapa. Sindinaname, koma sindinanenere chilungamo. Ndinkafuna kuti pansi pa mango paja pasakhalenso munthu.

Aphunzitsi anangondiyang'ana, n'kutseka buku.

Patapita masiku atatu akuluampingo anayi anabwera kwathu atavala majekete. Dzanja linali litatha, litapakidwa utoto, likuuma pa zenera. Amayi anatithamangitsira kuseri, koma makoma a m'komboni sasunga mawu. Ndinamva wina akuti chitsulo chimene chasemera zilombo sichingakhudze Amayi a Mulungu. Ndinamva amalume akuyankha mosakweza mawu kuti zimenezo anazisiya asanabatizidwe, ndipo chitsulo sichipemphera. Wina anati ndiye akazi awo sadzagwada pamaso pa chifanizirocho.

Ba Fada dzanjalo analitenga. Analilumikiza okha, chitseko cha tchalitchi chotseka. Koma kuti mpingo usagawike, sanatchule amene analisema. Tsiku lodalitsa chifaniziro, mvula yoyamba itagwa, anangoti Amayi Maria alandira dzanja lawo. Anthu anayamba kuuzana kuti labwera pa sitima kuchokera ku Ulaya, ndipo ba Fada sanatsutse. Ndawakwiyira zaka zambiri chifukwa cha chete ameneyo, mwina chifukwa n'kosavuta kusiyana ndi kudzikwiyira ndekha. Ndili mtsikana wamkulu kunabwera mzungu wina wodziwa za zosema. Anayang'ana chifanizirocho nthawi yaitali, n'kunena kuti dzanja lamanjali si lakale, koma amene analisema sanali wophunzira. Anafunsa dzina. Palibe anayankha, ine ndili pomwepo.

Amalume tsiku lodalitsa lija anaima panja, pansi pa belu, chipewa chili m'manja. Khirisimasi itapita anapempha akuluakulu a njanji kuti awasamutsire kutali, ku Broken Hill. Kwa ine sananenepo liwu loipa. Pokwera sitima anandisisita m'mutu monga anachitira mng'ono wanga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa.

Ine ndinkaona ngati ndapambana. Palibe ankatinso “ba Maria” m'komboni, ndipo mng'ono wanga anabwerera ku mapoto. Chimodzi chokha chinkandisautsa. Kuyambira mwezi umenewo, ndikalowa pamene amayi akucheza ndi anzawo, nkhani inkaduka. Amayi ankandiyang'ana, n'kundituma madzi ngakhale mtsuko uli wodzaza. Sindinaganize n'komwe kuti akudziwa amene anaulula zimene ananong'ona pochapa paja. Ndinkanyamula ndowa, misozi ili m'maso, ndikumati mumtima: ayambanso kuyamikira mng'ono wanga, ndipo sakufuna kuti ine ndimve.