Fomu ya Uinjiniya ndi Pampu ya ku Mpima

Chaka choyamba cha ku yunivesite chitatha, ndinabwerera kwathu ku Chowa, mu Kabwe, ndi chikwama cha zovala zakuda ndi fomu imodzi. Pafomupo ndinayenera kulemba nthambi ya uinjiniya yomwe ndipitirize nayo: zamakina, zamagetsi, zomangamanga kapena zamigodi. Anatipatsa milungu isanu yoganizira. Ine ndinaitulutsa Lamlungu titangochoka ku Misa, nyumba ili yodzaza, osadziwa kuti ndayambitsa mlandu.

Atate anakalambira ku njanji, akumasula ndi kumanga mainjini a sitima. Anavala magalasi n'kuiwerenga fomuyo kawiri.

"Apa palibe choganiza," anatero. "Zamakina. Chigayo, thirakitala, sitima, chilichonse chozungulira chimafa tsiku lina. Wokonza sagona ndi njala."

"Sitima zake ziti, alamu?" anafunsa Amalume, mlongo wa Amama, amene anagwirapo mumgodi wa kuno usanatsekedwe. "Mwanayu apite ku migodi, malipiro ali kumeneko. Anyamata a ku Solwezi akumabwera ndi magalimoto mapulasitiki adakali pamipando."

"Inuyo mgodi unakusiyirani chiyani? Chisoti ndi chifuwa."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola, Atate n'kuwaloza ndi chala ngati umboni. Amama, amene nthawi imeneyo ankagulitsa nkhuku zosunga mufiriji, anayankhulira pakhomo la khitchini.

"Mwana wanga wamkazi pansi pa nthaka sapitako. Ine ndikufuna munthu wondiuza chifukwa chake malaiti amapita nkhuku zanga zili mufiriji."

Palibe anandifunsa ine. Kunena zoona, mtima wanga unali pa zomangamanga chifukwa ndinkakonda kujambula, koma ndinali nditamva kuti omaliza maphunziro amenewo amachedwa kupeza ntchito.

Mawa lake ndinakwera minibasi kupita ku Makululu kukaonana ndi msuweni wanga, amene anaphunzira zomangamangazo. Ndinamupeza akuumbitsa mabuloko kuseri kwa nyumba ya lendi, simenti mpaka m'nsidze. Anandiuza kuti atamaliza sukulu anakhala zaka ziwiri akulemba makalata ofunsira ntchito, osayankhidwa. Kenaka anayamba kujambulira anthu mapulani a nyumba, ndipo zinayamba kuyenda.

"Boma likamamanga misewu, ifeyo timakhala mabwana," anatero. "Likaima, timapezeka tonse pamzere umodzi ndi maenvulopu. Koma anthu wamba sasiya kumanga. Tiye ku Mpima ukaone ntchito yanga yeniyeni."

Ku Mpima kunali mayi wina wolima tomato ndi kabichi. Msuweni anali atangomumangira nsanja yayitali yachitsulo yokhazikapo thanki ya madzi, ndipo ankainyadira kwambiri. Anandionetsa maziko, anandiuza ndigwedeze mwendo umodzi wa nsanjayo kuti ndione kulimba kwake. Koma mwini mundayo sanatilandire ndi chimwemwe. Pampu yake ya sola, yomwe inkakoka madzi bwinobwino chaka chonse, inali itayamba ulesi. M'mawa inkagwira, koma dzuwa likangopendeka madzi ankangodontha.

Makaniko wina anali atabwera kale, anaitulutsa pampuyo m'chitsime, anaitsuka, n'kunena kuti igulidwe ina. Mayiyo sanakhutire, ndiye anaitana injiniya wa zamagetsi. Tili pomwepo tinamva njinga yamoto, ndipo amene anavula chisoti anali mzimayi wamfupi, wa ovolosi yofumbutuka, msinkhu wa achemwali anga. Atamva kuti ndine wa ku yunivesite, anandipatsa kachipangizo koyezera magetsi.

"Iwe, gwira apa ndi apa. Undiwerengere manambala mokweza."

Ndinawerenga. Tinayeza mapanelo onse a sola limodzilimodzi. Atatu anali bwino, koma lachinayi linkapereka mphamvu yochepa. Injiniyayo sanalikhudze n'komwe. Anabwerera m'mbuyo, anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana msuweni wanga.

"Nsanjayi anamanga ndani?"

"Ndine," anayankha msuweni, chifuwa patsogolo.

"Ndi yokongola. Taonani mthunzi wake pomwe wagwera."

Tonse tinayang'ana. Mthunzi wa thanki unali utaphimba theka la panelo lija. Mwini munda anagwira m'chiuno n'kuseka mpaka misozi, ine ndinaseka mpaka kukhala pansi pa mzere wa kabichi. Msuweni anakanda kumutu, kenaka nayenso anaseka, nati mawa abwera ndi zitsulo asunthe mapanelowo mwaulere.

Mwini munda uja anatiphikira chimanga chachiwisi, ndipo tikudya pansi pa mtengo ndinamufunsa injiniyayo za ntchito. Sananditsekemeretse. Anati nayenso anadikira chaka chathunthu ntchito ya muofesi, siinabwere. Koma popeza magetsi amazimazima, alimi, masitolo ndi timakiliniki onse akufuna sola, ndipo foni yake sikhala chete.

"Masamu ake ndi owawa, usanamizidwe," anatero. "Koma ukamaliza, zitseko zimakhala zambiri. Migodi imalemba azamagetsi, mafakitale amalemba, ndipo onse akakukana umagula njinga ngati ine."

Ndinabwerera ku Mpima masiku atatu otsatizana, kumunyamulira zipangizo ndi kumufunsa mafunso mpaka anatopa nane. Lachisanu ndinalemba pafomu paja: zamagetsi.

Atate anakhala masiku awiri akungondiyankha ndi mutu. Tsiku lachitatu anandiitana pakhonde pomwe ankanola khasu.

"Pampu imeneyo ili ndi mota?"

"Ili nayo, Atate."

"Mota imazungulira?"

"Imazungulira."

"Basi, wasankha zamakina, koma walowera khomo la kuseri."

Amalume nawo anauza anzawo onse kuti ndamvera iwo, poti ku migodi azamagetsi amawafuna. Amama okha ndi amene sanadzitame, anangondigulira nsapato zolimba pamsika.

Masamu aja analidi owawa, ndipo phunziro lina ndinalibwereza. Nditamaliza ndinagwira miyezi isanu ndi itatu pa kampani ina yaing'ono, kenaka ndinayamba kuika sola m'minda ya kuno ndi ya ku Kapiri, ntchito yomwe ndikugwirabe.

Mwezi watha mnzathu wina wa m'kalasi ya chaka choyamba anamanga ukwati kuno ku Kabwe, ndipo anayi a ife tinakhala tebulo limodzi. Wa zamigodi ndiye anavala suti yodula kuposa ya mkwati, koma anachoka keke isanadulidwe kuthamangira basi, chifukwa shifiti inkamudikira ndipo ana ake amawaona kamodzi pamwezi. Wa zomangamanga anali atangopeza ntchito yokonza ngalande atakhala nthawi yaitali ali chabe, ndiye ankaonetsa aliyense zithunzi za ngalandezo pafoni. Wa zamakina amayang'anira makina pa fakitale yogaya ufa, ndipo wanenepa mpaka tinachedwa kumuzindikira. Tinakangana za amene anasankha bwino mpaka woyendetsa mwambo anatidzudzula pa maikolofoni kuti tebulo la mainjiniya likusokoneza. Tinaimirira atatu otsalafe n'kukavina, ndipo zinaoneka kuti pa ife tonse palibe amene anaphunzira zimenezo.