Ndiponde Pati?

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu kuno ku Cuamba ndi nkhani ya nyerere. Aphunzitsi awo anati kutsatana pamzere nyerere zimabadwa nako, kuli m'magazi, koma njira yeniyeniyo zimatengera kwa zinzawo. Mwanayo anandionetsa pakhonde. Anapukuta ndi chala pakati pa mzere, ndipo zakumbuyo zinangoti kakasi, kusowa kolowera. Iye anaseka, koma ine mtima unandiwawa.

Pomwe tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha ndinali kamtsikana. Kwathu ku Ngauma tinapeza thengo lokhalokha, pansi pali mabomba okwirira, aja timati mina. Bambo anaika lamulo: popita kumunda iwo patsogolo, ife kumbuyo, aliyense aponde pomwe waponda mnzake. Osapatuka, ngakhale kukataya madzi. Achimwene anga, munthu wosamva zouzidwa, tsiku lina anaona masuku atagwa pambali pa njira. Anangopatuka pang'ono. Zimene tinaika m'manda sizinadzaze mphasa. Masuku sindidya mpaka lero.

Mabombawo anachotsedwa kalekale. Pamalopo anthu akulima fodya, njinga zikudutsa kupita ku Mandimba. Ine ndinalumbira kuti mantha amenewa athere pa ine, mwana wanga akule akuthamanga paliponse. Sindinamuuzepo kanthu. Za amalume akewo amangodziwa kuti anamwalira ali mnyamata.

Mvula itayamba tinapita kumudzi kukaona manda. Dothi linali lofewa. Nditacheuka ndinamuona mwana uja kumbuyo kwanga, maso pansi, akuika phazi lake m'phazi langa, akutalikitsa mwendo kuti afikire. Chonsecho msewu wotakasuka, wodutsa ndi galimoto zomwe. Ndinapsa mtima, ndinamukalipira kuti ayende pambali panga ngati munthu. Anadabwa, nati amayenda choncho masiku onse akakhala nane, ine ndiye sindicheuka. Kaya ndi magazi, kaya anaonera momwe ndimayendera kumbuyo kwa bambo ake, sindikudziwa. Ndinachita mantha kuposa tsiku lija la masuku.

Ndinamuuza aime pomwepo. Ndinathyola nthambi, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo ndikufufuta mapazi anga, mpaka ndinafika patali. Kenako ndinamuitana kuti abwere.

Sanasunthe. Mtsikana wamkulu ndithu, wa ku sekondale, anangoyang'ana dothi losalalalo.

"Amayi, ndiponde pati?"