Nyemba zotsala pa katondo

Zaka zimene zipani zinangoyamba kuchuluka, ine ndinkaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chisepo. Labotale kunalibe, buku linali limodzi, langa lomwe. Ndiye ndikafika pa mutu wa mmene zamoyo zimasinthira, ndinkatulutsa ana a Folomu 4 panja, n'kumwaza nyemba zoyera ndi zofiira pa katondo. Ndinkawauza kuti iwo ndi nkhuku, atole msanga ndisanaombe m'manja. Nthawi zonse zoyera zinkatha, zofiira n'kutsala poti zinkafanana ndi dothi. Palibe nyemba imene yasintha mtundu, ndinkatero, zangotsala zimene nkhuku sizinazione, ndipo zikamera m'munda mudzadzaza zofiira zokhazokha.

Phunziroli ndinkalinyadira mopitirira muyezo. Akulu a mpingo wathu ankanong'onezana kuti mphunzitsi uja akuuza ana kuti agogo awo anali anyani. Ine ndinkawaseka chamumtima, ndipo wina akandiputa ndinkamuyankha zoti asagone nazo tulo. Ndinali wamtima wapachala, komanso ndinkadziona ngati ndine ndekha wopenya m'dera lonselo.

Kunyumba tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zinayi, amene ankakonda kundibera nyemba zija kukaphikira masanje. Pamwamba pa kabati tinkasungapo kachitini ka kolokwini, mankhwala a malungo. Kuchipatala anali atasiya kupereka kolokwini, ati sakugwiranso ntchito, koma m'magolosale ankapezekabe, ndipo ife tinakulira yemweyo. Chizolowezi cha kwathu chinali chakuti wodwala akangoyamba kudya, mapilitsi otsala amasungidwa kuti adzathandize tsiku lina. Ine wa bayolojene ndinkachita zomwezo.

Mwanayo anatentha thupi Lachiwiri lina mu Febuluwale, mvula ili pakati, anthu ali kalikiliki kuthyola fodya.

"Bambo, tiyeni tipite naye kuchipatala," anatero mayi ake.

"Mtunda wonsewo ndi matopewa? Malungo ndi omwewa, mankhwala ali m'nyumba muno," ndinayankha.

Ndinaphwanyira piritsi pa supuni, kuthirapo madzi ndi shuga, n'kumumwetsa akulira chifukwa cha kuwawa. Lachinayi anadzuka n'kupempha chimanga chootcha. Ndinabwezera mapilitsi otsala m'kachitini, n'kuwayang'ana mayi ake ndi diso lakuti mwaonatu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, thupi linatenthanso. Ndinatsitsa kachitini kaja n'kumupatsanso kolokwini yemweyo. Lolemba m'mawa anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Apo m'pamene ndinatulutsa njinga, mayi ake n'kukhala pakaliyala atamubereka. Amene amadziwa zitunda za ku Dowa nthawi ya dzinja akudziwa kuti njinga imakankhidwa kuposa kupalasidwa. Tinafika kuchipatala cha mishoni dzuwa litapendeka.

Namwino wina wachikulire anamutsitsa chikope, mkati muli mbuu ngati pepala.

"Mwamupatsa chiyani kunyumba?" anandifunsa.

"Kolokwini."

"Kuyambira liti?"

Nditamuuza, sanandikalipire. Anayankhula pang'onopang'ono, mmene amayankhulira ndi munthu amene sanapite kusukulu. "Bambo, kolokwini amapha tizilombo tofooka tokha. Tolimba timatsala, ndiye tikaswana m'magazi mumadzaza tolimba tokhatokha. N'chifukwa chake tinamusiya."

Ndinangogwedeza mutu ngati ndikumva zachilendo. Linali phunziro langa lomwe lija, kungoti iye analibe nyemba. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo kwina kulikonse.

Anamuika diripi, n'kumupatsa magazi amene anachotsa pamkono wanga. Anayesetsa ndithu. Mwana wathu anamwalira Lachitatu masana, mayi ake atamugwira phazi.

Ndikudziwa kuti tizilombo tolimbato tinali titafala kale dziko lonse, sitinabadwire m'kachitini kanga. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri ndipo sizindithandiza. Kuchokera Lachiwiri mpaka Lolemba ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo amene anawataya ndine. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti sindinali mbuli. Umboni umene ndinkausaka m'buku kuti ndikagonjetsere akulu a mpingo unali pamwamba pa kabati yanga, ine osauona chifukwa kolokwini anandichizapo ndili mwana.

Akulu a mpingo omwe aja ndiwo anayendetsa maliro. Anaimba nyimbo, anatikhazika mtima pansi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za anyani. Mayi ake a mwana sanandiuzepo kuti ndinanena ine, mpaka lero. Ndikanakonda akanandilalatira tsiku limodzi n'kuthana nazo. Anangotenga kachitini kaja n'kukakaponya m'chimbudzi.

Chaka chotsatira mutu uja unafikanso, poti silabasi sidziwa maliro. Ndinatulutsa ana panja, kumwaza nyemba, iwo n'kutola akuseka ndi kukankhana monga anzawo a m'mbuyomo. Ndinaomba m'manja. Zofiira zinatsala pa katondo, zoyera zili m'manja mwawo. Ndinayamba kufotokoza ndi mawu omwe aja, koma mtsikana wina wofatsa, amene sankayankhula kawirikawiri m'kalasi, anatambasula dzanja lake lodzaza nyemba zoyera.

"Aphunzitsi, nanga zoyerazi zinalakwa chiyani?"

Anzake anaseka. Ine ndinayang'ana nyembazo mpaka kuseka kunatha.

"Sizinalakwe kanthu," ndinatero. "Lowani m'kalasi."

Ndinatsala ndekha panja kutola zofiira zija imodziimodzi, ndipo belu linalira ndisanamalize.