Kahatchi Kamene A Hirpo Anatola pa Msewu

Ku Dodola palibe munthu amene amapha hatchi ndi dzanja lake. Funsani aliyense pa siteji ya ngolo, akuuzani kuti limenelo ndi tchimo, hatchi ndi m'bale wa munthu. Chabwino. Nanga m'baleyo akathyoka mwendo amamutani? Amamuvula chingwe m'mutu, n'kumukusira pa msewu wa phula, iwo n'kubwerera kwawo manja ali oyera. Hatchiyo imakaima pakati penipeni pa msewu, chifukwa mphepo ya malole imaichotsera ntchentche pabala. Imaima choncho mpaka afisi atabwera. Ubale wake ndi umenewo.

A Hirpo Bedaso mwambowu amaudziwa bwino, pakuti nawonso anauchita. Ali mnyamata ankayendetsa ngolo, ndipo hatchi yawo yoyera itapunduka anaivula chingwe ngati wina aliyense. Asanaisiye anaimeta mchira kuti apangire litchowa. Ndi chimenechi chimawadya mumtima mpaka lero, kuti anailanda ngakhale chokupira ntchentche. Inaima pafupi ndi mlatho masiku asanu ndi anayi, ndipo akamadutsa m'mawa inkadzutsa mutu, kuwazindikira. Tsiku lakhumi panali mafupa okhaokha. Chikwapu sanachigwirenso. Anakakhala pansi pa bulugama kuseri kwa msika n'kuyamba kusema nsapato za mahatchi ndi matayala otha, ndipo akhala pamenepo zaka makumi atatu, iwo, mpeni, nyundo ndi chitini cha misomali. Salankhulalankhula. Mukawapatsa moni amayamba ayang'ana mapazi anu.

Kahatchi ka nkhani ino dzina lake ndi Dama. Kanabadwa kopinimbira, msana wake kulekezera m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo kankasenzera zigubu Jarso wogulitsa madzi. Oyendetsa ngolo ankamukuwa: "Jarso, mbuzi yakoyo ukama liti?" Tsiku lina la msika kanaterereka n'kugwera m'ngalande ya simenti, mwendo wakutsogolo n'kuthyoka munsi mwa bondo. Kutacha a Hirpo anakapeza kataima pa phula ndi miyendo itatu, m'mutu mulibe chingwe.

Anaitana oyendetsa ngolo anayi kuti akanyamule.

"Akulu, mwayamba kulanda afisi chakudya?" anatero mmodzi.

"Gwira kumbuyoko. Pakamwa usunge, udzadyere."

Jarso anali chapatali, manja m'thumba. "Ine chingwe ndavula, a Hirpo. Kakafera kwanu musadzanditchule."

"Ndakufunsa?"

Kunyumba analowa nako m'khitchini. Anakulunga mwendowo ndi chikopa cha nkhosa, n'kumangirira nsungwi. Anapisa ziguduli pansi pa mimba, n'kuzikoleka pa mtanda wa denga ndi malamba a chubu, kuti kaime kosalemera. Hatchi yaikulu ikanagwetsa denga lonse. Kuchepa komwe anthu ankakaseka nako ndi kumene kanakapulumutsa tsiku limenelo.

Akazi awo, a Talile, anaima pakhomo mtolo wa nkhuni uli kumsana. "Bambo a Lelise, khitchini yanga yasanduka khola liti? Ndiziphikira pati, pamsana pake?"

"Panja pali mpweya wabwino."

"Mpweya! Mvula ikabwera mudzadya mpweyawo."

Madala a m'mudzi nawo anabwera ndi nzeru zawo, akuti atenthetse chitsulo pamoto, aotche potupapo. Anawapeza ndi Lomi, mtsikana wa za ziweto amene amayenda panjinga yamoto. "Amene ayandikitse chitsulo apa ndimuotcha nacho mwini wakeyo," anatero, madala aja n'kutuluka akung'ung'udza. Anawongola fupa, anamanganso, anabaya jakisoni, kenaka anakhala pampando n'kuwayang'ana a Hirpo m'maso.

"Abambo, sindikunamizani. Ndikupatsani masabata asanu ndi atatu. Ndikadzabwera tidzamasula. Kakadzapanda kuponda ndi mwendo uwu, winawu nawo utha, chifukwa ukusenza za iwiri. Zikadzatero ndidzakabaya jakisoni wogoneka, kasadzadzukenso. Kuti kazingozunzika ndiye sindilola."

"Bola osati pa msewu."

"Pa msewu ayi. Pompano, mutu wake uli pamiyendo panu."

Amene amati kusamala chiweto ndi kuchiponyera udzu sanasamalepo kanthu. M'mawa uliwonse a Hirpo ankakhwefula ziguduli n'kupaka batala pomwe zanyula khungu. Ankatsuka bala ndi madzi amchere. Balere ankamupereka wapachikhatho chabe, pakuti hatchi yongoima ikadya wambiri ziboda zimatentha, ndipo kangapo patsiku ankagwira chiboda cha mwendo wabwinowo kumvera ngati mwalowa moto. Masana onse ankakhala pachitsa akukupa ntchentche ndi litchowa loyera lija. Pa bulugama panalibe munthu. Wofuna nsapato ankabwera ndi hatchi yake kunyumba, n'kudikira.

Sabata yachitatu bala linachita mafinya, fungo mpaka kubwalo. Dama anasiya kudya, mutu uli zyoli. A Talile, omwe aja olongolola, ndiwo anawiritsa madzi n'kukumbatira mutu wake pamene amuna awo ankafinya.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Ine ndikungofuna katuluke msanga m'khitchini mwanga."

Kanayambanso kudya patapita masiku anayi.

Tsiku lija litakwana Lomi anabwera dzuwa lili pamutu, chikwama chili paphewa. Oyendetsa ngolo anadzaza kumpanda, ndipo palibe anaseka. Anamasula malamba, anachotsa nsungwi, n'kukatulutsa pabwalo anthu atatu akukachirikiza. Kanaima ndi miyendo itatu. Wachinayiwo, woonda ngati ndodo, unangoti lende. Anakaonetsa balere m'mbale, kanatambasula khosi koma phazi osasuntha. Anakaitana ndi dzina, anaimba likhweru. Ayi ndithu.

Lomi anapapasa mwendowo nthawi yaitali. "Fupa lagwirana bwinobwino," anatero chapansipansi. "Koma sikakuponda, abambo." Anadikira mpaka mthunzi wa nyumba unafika pakati pa bwalo, kenaka anatsegula chikwama kuti atenge jakisoni wogoneka uja.

A Hirpo sanapemphe, sanatsutse. Anangochita zimene achita moyo wawo wonse. Nkhalamba yaimvi inagona chafufumimba m'fumbi, tsaya pansi, kuyang'ana phazi. Anaona chiboda chikutsika, chikufunafuna nthaka, osaipeza, n'kubwerera. Analowetsa zala ziwiri pansi pake, zinakwana ndendende. Mwendo unali utapola wofupika.

"Adokotala," anatero ali chigonere, "simungachoke pakhomo pano osamwa khofi. Talile, kazinga. Usafulumire."

Kwathu kuno khofi sakanidwa, ndipo mlendo sanyamuka asanamwe kapu yachitatu. A Talile anatsuka nyembazo imodziimodzi ngati akusankha mikanda. Anakazinga pamoto wochepa, anasinja mosathamanga. Uku amuna awo anagubuduza tayala la lole, lochindikala lija limene sagwiritsa ntchito pa mahatchi wamba, n'kulowetsamo mpeni. Misomali sakanakhomera pa mwendo wongopola kumene, choncho anaisema ngati chikho, chiboda chilowemo, n'kuboola m'mbali mopisa malamba a chubu. Anayesa, inakula. Anapala, anayesanso. Thukuta linkagwera pa mpeni. Lomi kapu yachiwiri anaimwa itazizira, maso ali pa manja a mkuluyo.

Pamene a Talile ankathira yachitatu, nsapato inali itamangidwa.

Dama anatsitsa phazi, linagunda chinthu, anadzidzimuka n'kulikweza. Anatsitsanso. Ulendo uno analisiya pomwepo. Phewa linanjenjemera, thupi linapendekera pang'onopang'ono mbali imeneyo, mphira n'kuphwatalala pansi. Kenaka mwendo wabwino uja, umene unasenza wokha miyezi iwiri, unanyamuka n'kutera kutsogolo. Kanafika pa mbale ya balere n'kuyamba kudya.

Kumpanda wina anakhosomola, wina anavula chipewa. Lomi anamaliza khofi wake, n'kutseka chikwama.

Dama sanasenzenso chigubu, ndipo amatsimphina mpaka lero. M'mawa amatsatira a Hirpo ku bulugama, ndipo mvula ikagwa mumaona m'matope mapazi atatu a hatchi ndi limodzi la lole. Jarso akamadutsa amayang'ana kumbali.

Musaganize kuti tauniyi yasintha. Sabata yathayi pa mlatho panaimanso hatchi ina, yaikulu yakuda, yoti palibe mtanda ungainyamule. A Hirpo anatumiza mawu kwa Lomi kuti abwere ndi chikwama chija. Iwo anatsogola ndi ndowa ya madzi, n'kukaima ndi hatchiyo pakati pa msewu, malole akuwalizira mahutala, akuikupa ntchentche ndi litchowa mpaka njinga yamoto inamveka.